Kalata yotseguka kwa atsogoleri athu: lembani maina a asilikali, samalani amene awasiya

Wolemekezeka Mtsogoleri wa Dziko, amenenso muli Mkulu wa asilikali onse a Malawi, olemekezeka a Nduna ya Zachitetezo, ndi inu olemekezeka aphungu a Nyumba ya Malamulo,

Ndasankha kukulemberani poyera chifukwa nkhani imene ndili nayo ikukhudza mabanja ambiri amene alibe mwayi wofika pamaso panu. Ine sindinavalepo yunifomu, koma ndine mdzukulu wa msilikali, ndipo ndikulemba ndi ulemu wonse woyenera maudindo anu, podziwa kuti wakutsina khutu ndi mnansi. Pempho langa ndi lakuti ulemu umene dziko lino limapereka kwa asilikali ake ukhale wooneka m'zinthu ziwiri zimene sizifota ngati maluwa: dzina la msilikali aliyense amene anafa pa ntchito lilembedwe pamalo poti aliyense angaliwerenge, ndipo mkazi, mwamuna, ana ndi makolo amene iye wawasiya asamalidwe mwalamulo, osadikira chifundo cha munthu.

Agogo anga aamuna anamenya nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse m'gulu la King's African Rifles, ndipo anafika mpaka ku Burma. Anali ndi kabokosi kachitsulo kamene ankasunga kunsi kwa bedi, ndipo m'katimo munali mamendulo okulungidwa m'kansalu kothaitha. Mwezi wa Novembala ukafika ankawatulutsa, n'kuwapukuta limodzilimodzi mosafulumira, kenako n'kuwapachika pachifuwa cha jekete yawo imene inali itayamba kuwakulira chifukwa cha ukalamba. Nthawi ya 11 koloko ikakwana ankaimirira chilili pafupi ndi wailesi, miyendo ikunjenjemera, ndipo akatha kukhala chete ankatchula maina a anzawo amene anatsala m'chigwa cha Kabaw, ena ataphedwa ndi zipolopolo, ena ndi malungo. Ankatchula dzina, kenako boma limene munthuyo ankachokera. Ife ana tinkangomvetsera, osaganiza kuti tsiku lina mawuwo adzatha. Palibe mmodzi wa ife amene anatenga cholembera, ndipo pamene tinawaika m'manda, mainawo analowa nawo limodzi. Mlandu umenewu ndi wanga ndipo umandiwawa mpaka lero, koma wandiphunzitsa kuti chikumbukiro chimene chili m'mutu mwa nkhalamba imodzi n'chosadalirika, ndipo dziko limene lili ndi boma, maofesi ndi malo osungira zolemba siliyenera kudalira chimenecho.

Chaka chilichonse, Lamulungu loyandikira pa 11 Novembala, mumasonkhana pa chipilala cha ku Area 18 mumzinda wa Lilongwe, ndipo ena amasonkhana pa nsanja ya chikumbutso ya ku Zomba, pafupi ndi Cobbe Barracks. Lipenga limalira, anthu amakhala chete mphindi ziwiri, nkhata za maluwa zimaikidwa, ndipo asilikali akale ochepa amene atsala amakhala kutsogolo. Mwambowu ndi wabwino ndipo upitirire. Chimene chimandivutitsa maganizo ndi tsiku lotsatira, pamene mipando yachotsedwa, alendo abwerera, ndipo mkulu uja amene dzulo anagwiridwa chanza ndi akuluakulu a dziko wabwerera ku moyo wake wa masiku onse, mmene mankhwala, chofunda ndi womusamalira zili zofunika kwambiri kuposa chithunzi cha m'nyuzipepala.

Ngongole imene ndikunenayi ndi yakale kwambiri. Pamene nkhondo yoyamba ya dziko lonse inabuka mu 1914, dziko lino linali pamalire ndi dera la Ajeremani limene lero ndi Tanzania, ndipo moto unafika msanga. Pa 13 Ogasiti 1914 sitima yankhondo yotchedwa Guendolen inaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann pa nyanja yathu, ndipo pa 9 Sepitembala chaka chomwecho magazi anakhetsedwa ku Karonga. Makolo athu anaitcha nkhondoyo ya Chiwaya, potengera mfuti yolira motsatizana imene anali asanaionepo. Amuna pafupifupi 19,000 a dziko lino analembedwa usilikali, ndipo ena pafupifupi 200,000 anatengedwa, ambiri mokakamizidwa, kukhala amtengatenga, pa nthawi imene chiwerengero cha anthu onse m'dziko muno sichinkafika n'komwe 1.5 miliyoni. Amtengatengawa ndiwo anasenza pamutu zipolopolo, chakudya ndi katundu yense wa nkhondo, kudutsa m'mapiri ndi m'madambo mmene galimoto ndi ng'ombe sizikanatha kudutsa, ndipo ambiri anafa ndi njala, kamwazi ndi kutopa, n'kukwiriridwa m'mbali mwa njira popanda chizindikiro. Ku Ulaya mfuti zinaleka kulira pa 11 Novembala 1918, koma kuno mkulu wa asilikali a Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, anadzatula zida pa 25 Novembala ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala m'dziko la Zambia. Pa tsiku limene timakumbukira kutha kwa nkhondoyo, makolo athu ena anali adakali paulendo ndi katundu pamutu.

Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission, limene limasamalira manda a ofa pa nkhondo ziwirizi, linatulutsa lipoti lovomereza kuti anthu osachepera 116,000, ndipo mwina ofika 350,000, ambiri a iwo a mu Africa, sanakumbukiridwe ndi maina awo kapena sanakumbukiridwe n'komwe, pomwe msilikali wachizungu anapatsidwa manda ake ndi mwala wolembedwa dzina. Nduna ya zachitetezo ya dziko la Britain pa nthawiyo, Ben Wallace, inapepesa m'nyumba yawo ya malamulo. Ngati amene anatichitira zimenezi anafika povomera kulakwa kwawo, ife eni ake a anthu otayikawo tili ndi chifukwa chachikulu choposa chowafunafuna.

Mbusa John Chilembwe anaiona nkhaniyi nkhondo isanafike patali. Mu Novembala 1914 analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times, kudandaula kuti anthu akuda osauka, amene pa nthawi ya mtendere saonedwa ngati kanthu, ndiwo akuitanidwa kukafera nkhondo yosakhala yawo, ndipo akusiya m'mbuyo akazi ndi ana amasiye mu umphawi. Iye ankafunsa chimene eni dziko adzapindule nkhondo ikadzatha. Funso limenelo linali lopita kwa boma la atsamunda, ndipo atsamundawo anachoka osaliyankha. Kuyambira pa 6 Julayi 1964 funsolo lili m'manja mwanu, chifukwa mpando umene munalandira unabwera pamodzi ndi ngongole zake, ndipo akuluakulu anati mlandu suola.

Ndikudziwa kuti ena amafunsa chifukwa chimene dziko lodziimira palokha liyenera kulemekeza anthu amene anamenyera mbendera ya mfumu ya ku Britain, makamaka pokumbukira kuti asilikali a gulu la King's African Rifles ndi amene anatumidwa kukazimitsa kuukira kwa Chilembwe mu Januwale 1915. Funsoli ndi loona ndipo sitiyenera kulizemba. Yankho langa ndi lakuti mnyamata amene anatengedwa pamudzi n'kukwezedwa sitima yapamadzi sanasankhe mbendera, ndipo ulemu umene timamupatsa sukutanthauza kuti tikuvomereza ulamuliro umene unamutuma. Tikuvomereza kuti anali mwana wa dziko lino, kuti anavutika, ndiponso kuti amene anamugwiritsa ntchito anamuchepsa. Pa nkhondo yachiwiri anyamata athu anamenya ku Somaliland, ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma, ndipo dzina la Moyale Barracks ya ku Mzuzu limatikumbutsa malo a pamalire a Kenya ndi Ethiopia pamene asilikali a kuno analimbana ndi Ataliyana mu 1940. Nkhondo itatha, ndalama yothokozera imene msilikali wamba wachizungu ankalandira inali mashiling'i 10 pa mwezi uliwonse umene anagwira ntchito, pomwe wakuda wa udindo womwewo ankalandira mashiling'i atatu ndi theka. Patangopita zaka zochepa, m'ma 1950, anawatumanso ku Malaya. Munthu amene anapeputsidwa chotero ndi alendo, kumupeputsanso kwawo n'kumulanga kawiri.

Kuyambira 1964, pamene gulu loyamba la King's African Rifles linasanduka Malawi Rifles, palibenso chonamizira, pakuti asilikali akhala akutumikira pansi pa mbendera yathu ndiponso molamulidwa ndi atsogoleri athu. Kuyambira mu 1987 anatumizidwa kukalondera njanji ya ku Nacala pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, kuti katundu wa dziko lopanda doko ngati lathu azitha kufika, ndipo ena sanabwerere amoyo. Mu Disembala 1993, pa ntchito imene inatchedwa Bwezani, analanda zida gulu la Malawi Young Pioneers, zimene zinathandiza kuti chisankho cha 1994 chichitike popanda gulu la chipani lokhala ndi mfuti. Mu Epulo 2012, Pulezidenti Bingu wa Mutharika atamwalira, asilikali motsogozedwa ndi General Henry Odillo anaima pa malamulo oyendetsera dziko, ndipo ulamuliro unapita kwa wachiwiri kwa pulezidenti monga mmene malamulowo amanenera. M'chigawo chino cha dziko lapansi, mmene maiko angapo aona asilikali akulanda boma, ife sitinaonepo zimenezo, ndipo mwina n'chifukwa chake timaiwala kuti kudziletsa kwa munthu amene ali ndi mfuti ndi mphatso yaikulu. Pamene namondwe wa Freddy anagumula mapiri m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, asilikali anali pakati pa amene analowa m'matope kukafukula anthu ndi kuwolotsa otsala.

Koma nkhani imene ndikufuna kuti muiganizire mofatsa ndi ya ku Democratic Republic of Congo. Kuyambira mu 2013 asilikali athu, pamodzi ndi a ku Tanzania ndi South Africa, akhala m'gulu lapadera la United Nations limene linapatsidwa mphamvu yothira nkhondo zigawenga kummawa kwa dzikolo. Mu Novembala 2018, pa nkhondo yolimbana ndi zigawenga za ADF pafupi ndi mzinda wa Beni, asilikali a Malawi asanu ndi mmodzi anaphedwa. Mmodzi wa iwo anali Private Chancy Chitete. Zipolopolo zili kugwa, iye anaona msilikali wa ku Tanzania, Corporal Ali Khamis Omary, atavulala ndipo ali pambalambanda. Anachoka pamene anabisala, anamukokera pamalo otetezeka, ndipo anaomberedwa ali mkati momupatsa chithandizo choyamba. Omary anapulumuka, Chitete anafa. Mu Meyi 2019 mlembi wamkulu wa United Nations, António Guterres, anapereka kwa banja lake mendulo ya Captain Mbaye Diagne, imene ndi ulemu waukulu koposa wa kulimba mtima pakati pa asilikali osungitsa mtendere, ndipo Chitete anali woyamba kuilandira pambuyo pa banja la Diagne mwini wake, msilikali wa ku Senegal amene anapulumutsa anthu ambiri ku Rwanda mu 1994. Mnyamata wa udindo wotsikitsitsa m'gulu lankhondo anakweza dzina la Malawi pamaso pa maiko onse. Ndikufunsa mwaulemu: kodi mwana wa sukulu wa m'dziko muno amamva dzina limeneli m'kalasi? Nanga anzake asanu amene anafa naye pa nkhondo yomweyo, ndani mwa ife angawatchule? Mu Januwale 2025 tinatayanso asilikali atatu pa nkhondo yolimbana ndi gulu la M23 kufupi ndi Goma, pansi pa ntchito ya SADC, ndipo patangopita masabata ochepa nkhani zina zinali zitaphimba kale maina awo.

Ndikukupemphani kuti boma likhazikitse buku la dziko la maina a asilikali ndi amtengatenga onse amene anafa pa ntchito, kuyambira nkhondo ya Chiwaya mpaka lero, lolembedwa dzina, boma lochokera, gulu, malo ndi chaka. Bukuli likhale pa intaneti, lisindikizidwenso n'kuikidwa m'boma lililonse, kuti munthu wofuna kupeza agogo ake asachite kupempha chilolezo kwa wina aliyense. Ntchitoyi siyambira pachabe, chifukwa maina ena ali kale pa zipilala, ena ali m'zolemba za gulu lankhondo, ndipo malo osungira zolemba zakale a National Archives ku Zomba pamodzi ndi a ku Britain angathe kufufuzidwa. Koma gawo lalikulu lili m'mitu ya anthu okalamba ndi m'timabokosi ngati ka agogo anga, ndipo gawo limenelo likutha chaka ndi chaka. Amene anamenya nkhondo yachiwiri ndipo adakali moyo ali ndi zaka pafupifupi 100. Ophunzira a mbiri yakale m'masukulu athu aukachenjede angathe kutumidwa kukajambula mawu awo ndi a ana awo, ndipo mtengo wa ntchito yoteroyo ndi wochepa poyerekeza ndi chimene chitayike tikazengereza.

Dzina lolembedwa palokha silidyetsa mwana wamasiye, choncho pempho lachiwiri ndi lolemera kuposa loyamba. Ndinakhalapo pa maliro a msilikali amene anafera kunja. Bokosi linabwera litakutidwa ndi mbendera, anzake analinyamula mwadongosolo lochititsa nthumanzi, mfuti zinalira pamanda, ndipo mbendera ija inapindidwa bwinobwino n'kuperekedwa m'manja mwa mayi wamasiye amene anali atakhala pansi, mwana wamng'ono ali pamiyendo. Patapita miyezi ingapo ndinakumana ndi mayi yemweyo ali pamzere pa ofesi ina, atagwira envelopu yothaitha m'makona chifukwa choyenda nayo, mmene munali chikalata cha imfa, cha ukwati ndi makalata a ana. Anandiuza modekha kuti aka sikanali koyamba kubwera, ndiponso kuti anamuuza kuti adzabwerenso. Mwamuna wake atalamulidwa kupita kunkhondo sanauze aliyense kuti adzabwere mawa. Ananyamuka tsiku lomwe anauzidwa.

Chifukwa chake ndikupempha inu aphungu kuti muike m'lamulo nthawi yeniyeni imene chipukuta misozi ndi penshoni ya msilikali wofa pa ntchito ziyenera kukhala zitafika kwa banja lake, ndiponso kuti pakhale munthu mmodzi wodziwika amene ntchito yake ndi kuyendetsa mapepala a banjalo mpaka mapeto, kuti wamasiye asamayende yekha khomo ndi khomo. Bungwe la United Nations limapereka ndalama zokwana madola 77,000 a ku America msilikali akafa pa ntchito yake yosungitsa mtendere, ndipo ndalamazo zimadzera ku boma la dziko limene linamutumiza. N'koyenera kuti Nyumba ya Malamulo izilandira lipoti chaka chilichonse losonyeza kuti ndalama zoterezi zinafika liti ndipo zinaperekedwa liti kwa eni ake. Msilikali amene wafa pansi pa SADC, kapena amene wakokoloka ndi madzi populumutsa anthu kuno kwathu, magazi ake ndi ofanana ndi a amene wafa atavala chipewa cha United Nations, ndipo ana ake ayenera kuphunzira mpaka pamene nzeru zawo zingawafikitse, boma likulipira. Zonsezi zikonzedwe asilikali asanakwere ndege, pakuti nkhanga zinapangana kusanapse.

Palinso amene amabwerera amoyo koma atasiya gawo la moyo wawo kunkhondo. Wina wabwera wopanda mwendo, ndipo chilema chake chimaoneka. Wina wabwera thupi lili lathunthu, koma usiku sagona, akamva chitseko chikumenyetseka amadzidzimuka, ndipo mkazi ndi ana ake ndiwo amasenza mkwiyo umene iye mwini saumvetsa. Agogo anga ankabuula kutulo zaka zambirimbiri nkhondo itatha, ndipo pa nthawiyo panalibe amene ankadziwa kuti limenelo ndi bala lofunika mankhwala. Lero tikudziwa, choncho msilikali aliyense wobwera kunkhondo aonedwe ndi odziwa za matenda a maganizo, mobwerezabwereza ndiponso mwachinsinsi, popanda mantha akuti kupempha thandizo kumutsekera mwayi wokwezedwa pa udindo.

Ndikuyamika ntchito ya bungwe la Veterans and Ex-Service League of Malawi, komanso onse amene amagula kaduwa kofiira kaja mwezi wa Novembala kuti asilikali akale athandizidwe. Chopereka chaufulu chili ndi malo ake, koma chikhale chowonjezera pa zimene boma laika kale m'ndondomeko ya zachuma. Munthu amene analumbira kuti adzafera dziko sayenera kukalamba akuyembekezera kuti chaka chino anthu agula maduwa angati.

Pomaliza ndinene za mawu akuti kukonda dziko lako, amene amamveka kawirikawiri pamisonkhano yanu, makamaka polangiza achinyamata. Achinyamatawo amamva, koma amayang'ananso. Amaona mmene akukhalira mkulu amene anapereka unyamata wake, amaona envelopu ya mayi uja, ndipo amadziwerengera okha ngati dziko lino limabweza chikondi. Kukonda dziko kumene mukuwapempha kudzakula mwa iwo akadzaona kuti inu mwayamba ndinu kukwaniritsa mbali yanu ya pangano. Mbali ina ya panganolo ndi yakuti gulu lankhondo lisakokeredwe m'ndale za zipani, akuluakulu ake asankhidwe ndi kuchotsedwa potengera ntchito, ndipo nthawi iliyonse imene mukutumiza ana a eni kunja kwa dziko, mufotokozere Nyumba ya Malamulo ndi mtundu wonse chimene akukachita, zida zimene ali nazo, ndi nthawi imene adzabwerere. Mayi amene mwana wake akukwera ndege yopita kunkhondo ali ndi ufulu womva zimenezi kuchokera pakamwa panu.

Novembala akubwerayu, lipenga likadzalira ndipo mphindi ziwiri zikadzatha, ndikupempha kuti msilikali mmodzi adzaimirire pa chipilala paja n'kuwerenga mokweza maina a onse amene anafera ku Congo, limodzilimodzi, pamodzi ndi maboma awo, mabanja awo atakhala kutsogolo. Mamendulo a agogo anga ndidakali nawo m'kabokosi komwe kaja, ndipo tsiku limene buku la maina lidzatsegulidwe ndidzabwera nawo kudzafunafuna maina a anzawo amene anatsala ku Kabaw.

Ine wanu mwaulemu,
Mdzukulu wa msilikali wa King's African Rifles